Chikole cha ku Holandi

Loweruka, 11 Malichi 1995. Tottenham.

Ndakhala pansi pafupi ndi hita. Manja ndawapaka mafuta chifukwa ang'aluka ndi madzi a maluwa, ndiye cholembera chikungoterereka. Sutikesi yanga yabwerera pamwamba pa wadirobu. Sabata yonseyi inali mu kolido, itayasamula, ndipo aliyense wopita kubafa ankachita kuidumpha. Ndikufuna ndilembe zonse kuyambira pachiyambi, chifukwa pakamwa panga mawu amakana kutuluka, koma papepala amandimvera.

Ndinabwera kuno zaka ziwiri zapitazo, bambo atamwalira. Azakhali, alongo awo a bambo, amakolopa m'mawodi pachipatala chachikulu cha ku Edmonton, ndipo ndiwo anati anditenge ndidzaphunzire. Amayi anatsala ku Dedza ndi alongo anga awiri aang'ono, ndi makina awo osokera amene amaika pakhonde la sitolo ina. Pa depoti ya basi amayi sanalire. Anandikonza kolala n'kundiuza zinthu ziwiri: azakhali ndisamawayankhe akamakalipa, ndipo chimene munthu wamkulu wandipatsa ndizilandira ndi manja awiri. Azakhali nawo anali ndi lamulo lawo, limene anandiuza tili m'ndege, ndisanamasule n'komwe lamba. Ndikadzangoyamba za amuna, tiketi yobwerera ilipo, ndipo sukulu yathera pomwepo.

Lamulo limeneli silinandidetse nkhawa. Ine ndi munthu wochita manyazi ngakhale kuliza belu la m'basi. Kangapo konse ndapitirira siteji yanga, n'kubwerera wapansi mvula ikugwa, chifukwa choopa kuti anthu andicheukira.

Ntchito ya Loweruka ndinaipeza m'chaka changa choyamba, pashopu ya maluwa ya Mayi Dorini ku Edmonton. Ndi mzungu wokalamba amene amatcha munthu aliyense wokondedwa wake, ngakhale wodzawerenga mita ya gasi. Ndimafika kusanache. Ndimatsuka ndowa, kuthiramo madzi, kudula mapesi, kuchotsa minga ya marozi. Nthawi yachisanu madziwo amaluma mpaka m'mafupa, zala n'kuuma moti batani la jasi silimangika. Nditawalembera amayi kuti kuno anthu amagula maluwa pamtengo woposa wa nkhuku, anandiyankha kuti London isandiphunzitse bodza. Koma zimene ndimatumiza amalandira, ndipo alongo anga sanabwezedwepo kusukulu.

Maluwawo amachokera ku Holandi, pa lole yaitali yozizira mkati ngati firiji. Woyendetsa wake ndi a Henki, bambo wamtali, wamimba, wa ndevu zoyera, msinkhu wa agogo. Amawoloka nyanja pa sitima ndi lole yawoyo, kenako amazungulira mashopu. Iwonso ndi mlendo kuno ngati ine. Chingerezi chawo chimatulukira kukhosi, ngati cha munthu amene watsamwa. Moni wathu ndi wachidule: iwo amati "Malawi," ine ndimati "Holandi," basi tayamba kutsitsa mabokosi. Tonse awiri sitikonda tiyi wa Mayi Dorini, amene amakhala ngati madzi otsukira makapu, koma tonse timamwa osadandaula, kwinaku tikuyang'anana. Nthawi zina amandigawira buledi wa tchizi amene akazi awo amawamangira.

Pashopupo pali sizasi yaikulu yodulira mapesi, ndipo kasikuluwu kake kapakati kamamasuka nthawi ndi nthawi. Mayi Dorini ankamanga ndi nsonga ya mpeni, moti mipeni yonse ya m'kitchini mwawo ndi yoduka mphuno. Tsiku lina, mwezi wathawu, ine ndinayesa kumanga ndi chikhadabo. Chinathyoka, magazi n'kutuluka. A Henki anaona. Anapisa m'thumba la buluku n'kutulutsa kandalama kachitsulo, kakang'ono koposa kalikonse kamene ndinaonapo, kochepa ngakhale poyerekeza ndi ka mapeni asanu ka kuno kamene anthu amadandaula kuti n'kakang'ono. Anakalowetsa mu mng'alu wa kasikuluwu, n'kupotoza, sizasi n'kulimba ngati yatsopano.

Anati kwawo kandalama kameneka ndi ka masenti khumi, ndipo amakatcha dubbeltje. Anandilembera dzinalo pabokosi chifukwa lilime langa linakanika. Akuti limatanthauza kawiri, popeza kuyambira kalekale kamalingana ndi tindalama tiwiri ta masenti asanu. Makolo awo ankakadziwa kali kasiliva. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kanasanduka kotuwa, kachitsulo chachabechabe, ndipo nkhondo itatha anayamba kukapanga ndi chitsulo choyera chimene chimamata ku maginito. Anati lero sikagula kanthu kolozeka, koma nyumba iliyonse ya kwawo ili nako mu dirowa, chifukwa palibe sikuludiraiva yokaposa.

Ndinakayang'anitsitsa. Mbali imodzi kuli mayi woyang'ana cham'mbali, wopanda chisoti chaufumu. Nkhope yake ilipo yonse, mphuno ndi chibwano, koma nkhongo palibe. Mutuwo unadulidwa ndi mzere wowongoka, ndipo pamene pakanakhala nkhongo analembapo mawu. A Henki anati ameneyo ndi mfumukazi yawo, ndipo ndalama za nkhope yodulidwazi zitangotuluka anthu ambiri anang'ung'udza, kenako anazolowera. Mbali inayo kuli nambala ndi mizere yoongoka yokhayokha. Iwo amati mizereyo imawakumbutsa minda ya kwawo, yosalala, yodulidwadulidwa ndi ngalande. Ine inandikumbutsa mizere ya chimanga mvula isanagwe, koma sindinanene.

Kenako anandipatsa. Ndinapukuta manja pa epuloni, ndinapinda bondo pang'ono, n'kulandira ndi manja awiri. Poopa kuti kangasowe, ndinakamanga pakona ya kampango kanga, monga amayi amamangira ndalama pansonga ya chitenje.

Ndi kampango kameneko kamene azakhali anakapeza Loweruka lathali, akusankha zovala zopita nazo kulondiri. Anamasula mfundo, anayang'ana, n'kundiitana ndi dzina langa lonse, limene amangoligwiritsa ntchito zinthu zikavuta.

"Wakupatsa ndani?"

"A Henki."

"Ndi mwamuna?"

"Inde, azakhali."

"Unalandira ndi manja awiri?"

"Inde."

"Pokupatsa anati chiyani?"

"Anati ndikasunge bwino, ndisakataye. Anati adzabweranso Loweruka."

Zonse zimene ndinayankha zinali zoona, ndipo chilichonse chinkandikumbira dzenje. Azakhali anakhala pansi pamulu wa zovala zakuda. Kwathu mnyamata akafunsira mtsikana, amamupatsa chikole, kaya ndalama kaya mpango. Mtsikana akalandira n'kusunga, ndiye kuti walola. Ine zimenezi ndimazidziwa, koma sizinandibwerere m'mutu pamaso pa bambo wandevu zoyera amene malaya ake amanunkha tchizi. Ndinayesa kunena za sizasi. Mawu anatuluka aang'ono ngati kandalamako. Azakhali anati mwamuna aliyense amakhala ndi sizasi yake yonamizira, ndipo iwo sagwira mashifiti a usiku ndi kulipira mabilu kuti mwana wa mlongo wawo azilandira zikole za madiraiva. Ndinakumbukira kuti amayi anati ndisamawayankhe. Madzulo omwewo sutikesi inatsika.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, nkhani inafika kwa Mayi Chirwa. Iwowa anathawa kwathu ndi amuna awo zaka zambiri zapitazo, pa nkhani za ndale, ndipo ana awo amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Miyambo imene ku Dedza anthu ayamba kuitayirira, kwa Mayi Chirwa idakali yamoyo, ndipo imaluma. Anandikhazika pampando wa ana a Sande sukulu, amayi ena atatizungulira, kandalama kakuyenda dzanja ndi dzanja.

Nditanong'ona kuti mayi ali pamenepo ndi mfumukazi, Mayi Chirwa anaseka. Anati iwo akhala ku Ulaya nthawi yaitali, mfumukazi amaidziwa, ndipo ili m'chikwama mwawo. Anatulutsa ndalama ya kuno n'kuziika pamodzi. Ya kuno inali ndi chisoti, ndi ndolo, ndi mutu wathunthu. Mfumukazi yanji yopanda chisoti? Anagamula kuti ameneyo ndi mkazi wamkulu wa a Henki, ndipo mawu ali pambaliwo ndi dzina lake. Mayi wina anafunsa chifukwa chake mutu uli theka. Mayi Chirwa anati zimenezo n'zosachita kufunsa: mwamunayo wagawa kale, theka linalo akusungira wachiwiri. Pamene amabweza ndalama yawo, kandalama kanga kanalumphira pa maginito otsekera chikwama chawo n'kumatirira pomwepo. Amayi onse anabwerera m'mbuyo. Wina anayamba pemphero.

Chigamulo chinali chakuti chikole chibwezedwe mwamwambo, kudzera mwa nkhoswe, pamaso pa mwiniwake. Zikatha zimenezo, azakhali aona tsiku la ndege. Vuto linali lakuti kuno tilibe mwamuna wa mtundu wathu. Anachita kubwereka a Tembo, a ku Chipata, amene amayendetsa basi ndipo amaimba besi mu kwaya. Iwo anavomera atamva kuti pakhala tiyi ndi masikono.

Sabata imeneyi inali yaitali. Kusukulu ndinkayang'ana bolodi osaona kanthu. Ndinamva azakhali akuimbira foni munthu wa matiketi ku Peckham, akunenerera mtengo ngati akugula tomato. Ndinkaganiza za mayeso anga amene atsala pang'ono, ndi za alongo anga, ndi za nkhope ya amayi ndikadzatsika basi ku Dedza ndi mbiri yoti ndinafuna kukwatiwa ndi nkhalamba ya maluwa. Masiku onsewa ndinkakonza mawu m'mutu, abwinobwino, oyalana ngati njerwa. Ndikangoima pamaso pa azakhali, onse ankagwa.

Lero m'mawa tinapita atatu. Azakhali anavala chitenje cha kutchalitchi pamwamba pa jasi, ndi duku pamwamba pa chipewa cha ubweya. A Tembo anavala tayi pansi pa jekete ya kuntchito. Tinaima panja pa shopu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Mayi Dorini anasuzumira n'kufunsa ngati tabwera kudzaoda maluwa a maliro.

Lole itafika, a Henki anatsika chafutambuyo, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lawo, n'kufuula "Malawi" monga mwa masiku onse. Ine ndinabisala kumbuyo kwa a Tembo. Azakhali anawayang'ana kuyambira ku ndevu mpaka ku nsapato, kenako anandiyang'ana ine. Ndinaona kuti mumtima mwawo mwalowa kachikaiko, koma ulendo unali utayambika kale.

"Manje amai," anatero a Tembo, "basi yanga inyamuka manje-manje. Tikambe mwachidule."

Anatsokomola, anawomba m'manja katatu mwaulemu, n'kuyamba m'Chingerezi cha pa guwa. Anati abwera m'malo mwa banja. Anati banja lathokoza chifukwa cha mtima wabwino, koma mwanayu akadali pasukulu, choncho katundu uja wabwezedwa kwa mwini wake. Anatambasula kampango, kandalama kali pakati ngati diso la nkhuku.

A Henki anayang'ana kandalamako, anayang'ana tayi ya a Tembo, n'kukanda ndevu. Kenako nkhope yawo inawala. Anaganiza kuti abale anga aona ubwino wa kachipangizo kaja ndipo akudandaula kuti nyumba yonse ili ndi kamodzi kokha. Anakweranso mu lole, tinamva akufukula m'kabokosi ka phulusa la fodya, n'kutsika ndi dzanja lodzaza. Anapita molunjika kwa munthu wamkulu pagululo, n'kutambasula dzanjalo.

Azakhali analeredwa ndi mayi yemweyo amene analera bambo anga. Mutu wawo usanaganize, thupi linali litachita kale zimene linaphunzitsidwa. Bondo linapinda, manja awiri anatambasuka, ndipo tindalama tinagweramo tikulira ngati mvula padenga la malata. Pakamwa pawo panatuluka ngakhale "zikomo".

A Tembo anayang'ana kumwamba, akudziletsa kuseka.

"Amai," anatero motsitsa mawu, "mwalandila. Na manja yabili futi. Ine nkhoswe naona na maso yanga."

Azakhali anaima chomwecho, manja ali m'malere, osatha kutseka, osatha kutaya. Ndinali ndisanawaonepo atasokonezeka chotero. Anandimvetsa chisoni, ndipo ndikuganiza kuti chisonicho n'chimene chinanditsegula kukhosi. Ndinathamangira m'shopu, ndinatenga sizasi ija, ndinatola kandalama kamodzi m'manja mwawo. Ndinamasula kasikuluwu mpaka sizasi inayamba kugwedera, ndinawaonetsa, kenako ndinamanganso n'kudula phesi la rozi kamodzi n'kamodzi.

"Ntchito yake ndi imeneyi, azakhali. Ndinathyoka chikhadabo, iwo anandimvera chisoni. Ndinalandira ndi manja awiri chifukwa amayi anatero. Inunso mwatero. Ine ku Dedza sindikufuna kubwerera ndisanalembe mayeso."

Mawu onsewa anatuluka ndi mpweya umodzi, mokweza, mumsewu, moti munthu wina wodikira basi anacheuka. Sindinafe.

A Tembo ndiwo anafotokozera a Henki za chikole, mosabisa kanthu. A Henki anafiira mpaka m'makutu. Kenako anaseka mpaka anagwira chitseko cha lole, misozi ikutsikira mu ndevu. Anatulutsa chithunzi cha akazi awo, mayi wojintcha wovala magalasi, atazunguliridwa ndi adzukulu. Anati mayi ameneyu akangomva kuti apeza akazi awiri m'mawa umodzi ku London, bondo linalo lithyoledwanso. Azakhali anayerekeza chithunzicho ndi nkhope ya pakandalama, n'kuvomereza kuti si munthu mmodzi.

Pa tindalama tija panali tina tosiyana, ta mayi wa mutu wathunthu woyang'ana mbali inayo, kuseri kwake kuli chisoti chaufumu pamwamba pa nambala. A Henki anati ameneyo ndi mayi wake wa mfumukazi ya lero. Atakalamba anatula pansi ufumu akadali moyo n'kupatsa mwana wake wamkazi, ndipo ndalama za awiriwa zimayendera limodzi m'thumba, osakangana. Azakhali anati anthu a ku Holandi, Adatchi, amene ankawadziwa iwo ndi amishoni okha, sankadziwa kuti ali ndi mfumukazi yawoyawo, ndiponso yanzeru chotero, yodziwa kupumula.

Koma nkhani inali isanathe, chifukwa tindalama tinali tidakali m'manja mwa azakhali. Anafuna kubweza. A Henki anabisa manja kumbuyo, nati mphatso sibwerera mu lole. A Tembo anati kubweza chikole chachiwiri kumafuna nkhoswe yachiwiri, iwo anabwerekedwa pa chimodzi chokha. Mayi Dorini, amene ankamvetsera atanyamula thireyi ya tiyi, anafunsa ngati chinthu chogula chimakhalanso chikole. Azakhali anaganiza mozama, nati ayi, chogula ndi chogula. Anathira tindalama m'thumba la jasi, anafufuza m'chikwama, n'kutulutsa mapeni khumi a kuno.

"Muwauze alandire ndi dzanja limodzi," azakhali anauza a Tembo. "Limodzi lokha. Ndipo asapinde bondo."

A Henki anati bondo lawo silipinda ngakhale atafuna. Analandira ndi zala ziwiri. Tonse tinamwa tiyi wa Mayi Dorini titaimirira, ndipo a Tembo, omwe anali asanamulawepo, anandiyang'ana ngati ndawapereka.

Nditaweruka masana ndinapeza kolido ili mbee. Azakhali sanapepese. Iwo sapepesa, ndipo sindinayembekezere. Anali m'kitchini, mapoto onse atawatsitsa pansi, akumanga zogwirira zake chimodzichimodzi ndi mfumukazi ya nkhope yatheka. Poto wa nyemba uja amene wakhala akugwedera chibwerere ine, tsopano walimba. Osandiyang'ana, anati mawa kutchalitchi Mayi Chirwa akafunsa, ndidzangonena kuti nkhani inatha bwino, za manja awiri zisatuluke. Kenako anati mawu ndili nawo ndithu, ndizitulutsa msanga tiketi isanagulidwe. Anakankhira tindalama tiwiri kumbali yanga ya tebulo, kamodzi ka mayi, kamodzi ka mwana.

Ka mwanako ndasunga ka sizasi. Ka mayiko ndakhala ndikukayang'ana pano pa hita, ndipo ndakumbukira makina a amayi. Pansi pa singano pali kambale kachitsulo komangidwa ndi timasikuluwu tiwiri, pamalo opanikizika pamene sikuludiraiva siimirira. Ulusi ukakodwa, amayi amalimbana napo ndi mpeni wosendera mbatata, kasitomala akudikira, ndipo chala chawo chachikulu chili ndi zipsera za ntchito imeneyo.

Ndiye ku Dedza kupita kandalama, ine nditsala. Mawa tikachoka kutchalitchi ndidzakamata ndi selotepi pakati pa makatoni awiri kuti kasamveke mu envelopu, ndipo ndidzawalembera amayi mmene angakagwiritsire ntchito. Koma amayi ndi mayi wamasiye, ndipo pakhonde la sitolo paja pamakhala maso ambiri. Choncho pamwamba penipeni, ndisanalembe n'komwe moni, ndidzalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kachokera kwa ine, ndipo akhoza kulandira ndi manja onse awiri.